Chitoliro cha Thumba, Kilt ndi Nyimbo za Mulungu

Nkhani ya madzulo ano ikukhudza chovala chimodzi ndi chitoliro chimodzi. Zonse ziŵiri kwao ndi ku Scotland, zonse ziŵiri zidakulira ku nkhondo, koma lero lino alipo anthu opembedza amene amazitenga potamanda Mulungu. Omvera a ku Mchinji, amene adaonapo Angoni a kwa Mlonyeni ndi a kwa Zulu akuvina ingoma atavala zibiya, sadzavutika kuimvetsa.

Chovalacho eni ake amachitcha kilt. Mlendo akachiona koyamba amati mwamuna wabwereka siketi ya mkazi wake, ndipo mau otere amampsetsa mtima mwini chovala monga momwe Mngoni angapsere mtima wina atanena kuti chibiya chake ndi chitenje. Kilt amaisoka ndi nsalu yolemera ya ubweya wa nkhosa, yotalika mayadi ngati 8. Kutsogolo imakhala yosalala, koma kumbuyo amaipindapinda mwadongosolo, ndipo imalekezera m'maondo. Ilibe matumba, nchifukwa chake woivala amapachika kachikwama kachikopa kutsogolo. Mizere yopingasana ya pansaluyo, imene imatchedwa tartan, imanena za banja la munthu. A MacDonald ali ndi yao, a Campbell ali ndi yao, monga muno munthu adziŵika ndi mfunda wake, uyu Phiri, uyu Banda, uyo Jere. Komabe mwambo wogaŵa mizere potsata mabanja si wakale kwambiri ai. Udakhazikika m'zaka za m'ma 1800, ndipo ogulitsa nsalu adaikapo dzanja.

M'chaka cha 1746, anthu a kumapiri a Scotland atagonja pa nkhondo ya ku Culloden, boma la ku London lidaletsa chovalachi kwa aliyense kupatula asilikali a mfumu, ndipo lamulolo lidakhalapo kufikira 1782. M'chaka chomwecho cha 1746 woliza chitoliro wina, James Reid, adanyongedwa ku York. Iye adati sadagwirepo mfuti kapena lupanga, koma oŵeruza adagamula kuti chitoliro chakecho chidali chida cha nkhondo. Mbiri yotere si yachilendo m'malire muno. Mu Januwale 1898 asilikali a Britain adagonjetsa Angoni a Mpezeni, ndipo Nsingo, mwana wa mfumu, adaphedwa. Dzina la Fort Manning, limene boma la Mchinji linkadziŵika nalo m'nthaŵi ya atsamunda, ndi chipsera cha masiku amenewo. Mwambo wa Nc'wala udazilala kufikira 1980, ndipo lero zibiya zimadzaza bwalo la ku Mtenguleni, pafupi ndi Chipata, mwezi wa Febuluwale uliwonse. Wovala kilt ndi wovala chibiya angamvane pa ichi: chovala chimene chidatsitsidwapo ndi ogonjetsa sachivala mwachibwana.

Chitolirocho, chimene chimatchedwa bagpipe, chili ndi thumba lachikopa. Woliza amauziramo mpweya ndi pakamwa, nalipanikiza m'khwapa ndi mkono. Zitoliro zitatu zimatsamira paphewa ndi kumangong'ung'udza liu losasintha, ngati njuchi mumng'oma. Chachinai chili ndi ziboo 8, ndipo ndicho chimaimba nyimbo. Wophunzira sayamba ndi thumba. Amakhala miyezi yambiri ndi kachitoliro kakang'ono, kuzoloŵeza zala, ndipo kaŵirikaŵiri kilt yake yoyamba amaipeza pamene gulu la oliza lamuvomera kuti ayende nalo pamzere. Telala amamuyesa m'chiuno, m'matako ndi kuchokera pamchombo kufika pabondo. Amene alibe makolo a ku Scotland amavala mizere ya gulu lake, kapena mizere yololedwa kwa onse monga ya Black Watch. Tsiku loyamba kuivala limafanana ndi tsiku limene mnyamata wapatsidwa chishango kuti aloŵe m'bwalo pamodzi ndi akulu.

Nanga Amormoni akuloŵamo bwanji m'nkhaniyi? Mpingo wao, umene dzina lake lenileni ndi Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a M'masiku Otsiriza, udayambitsidwa ndi Joseph Smith mu 1830 ku America, ndipo muno uli ndi nthambi ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Atumiki ake adafika ku Scotland mu 1839, ndipo ambiri mwa otembenuka adaoloka nyanja kukakhala ku Utah. David O. McKay, amene adatsogolera mpingowu kuyambira 1951 mpaka 1970, adali mwana wa munthu wobadwira ku Scotland. Joseph Smith ataphedwa m'ndende ya ku Carthage pa 27 Juni 1844, William W. Phelps adalemba nyimbo yomulira, "Praise to the Man". Maimbidwe amene nyimboyi ili nao lero ndi apachibale ndi a "Scotland the Brave", nyimbo ya pamzere imene woliza aliyense amaidziŵa. Motero Mmormoni wophunzira chitoliro amapeza kuti nyimbo imodzi ya m'buku la mpingo wake ili kale m'zala zake. Ku Nauvoo, mudzi wa m'mphepete mwa mtsinje wa Mississippi umene Amormoni adathamangitsidwako mu 1846, oliza ovala kilt amayenda m'miseu pa nyengo ya maseŵero okumbutsa mbiri ya mpingo.

Nyimbo zina sizilola msanga, ndipo apa ndi pamene pali ntchito. Oimba kwaya amvetsa bwino. Chitoliro cha thumba chili ndi manotsi 9 okha: kuyambira do wapansi kufika do wapamwamba, ndi notsi imodzi yoonjezera kunsi. Ngakhale ti wake ndi wotsika pang'ono. Nyimbo ikakwera kupyola malire amenewo, woliza ayenera kuitsitsa pamalo pamenepo kapena kusinthanitsa notsi ndi ina yoyandikana nayo, ndipo akasintha kwambiri mpingo sungaizindikirenso. Chitolirochi sichipuma, pakuti mpweya umangotuluka m'thumba. Notsi ikabwerezedwa kaŵiri, chala chimagunda kanotsi kakang'ono pakati kuti zisiyane. Sichidziŵanso kunong'ona. Ndime ya chisoni ndi ndime ya chimwemwe zimatuluka ndi mphamvu imodzimodzi. Nyimbo zoyenda pa manotsi 5 ndizo zimakwanamo bwino, monga "Amazing Grace", imene asilikali a Royal Scots Dragoon Guards adaitulutsa mu 1972 nigulidwa koposa nyimbo zonse ku Britain kwa masabata angapo. Chifukwa cha kufuula kwakeko, malo a chitolirochi kaŵirikaŵiri amakhala panja, kumanda kapena pamseu, osati m'kati mwa tchalitchi.

Alipo amene amati chida cha nkhondo chilibe gawo pa zopembedza. Mkangano umenewu eni chitoliro adaudziŵa kale. Apresibeteriya a ku Scotland adakhala zaka mazana akuimba masalimo ndi pakamwa pokha, ndipo ngakhale limba la m'tchalitchi lidayamba kuloledwa m'zaka za m'ma 1860. Nzosadabwitsa kuti amishoni ambiri atafika kuno adaitsekera kunja ng'oma. Koma mlandu wa ng'oma kapena chitoliro uli kuti? Chikopa ndi bango sizisankha nyimbo. Wosankha ndi munthu.

Mmishoni wina wa ku Scotland adaona zimenezi msanga. Donald Fraser, amene adagwira ntchito pakati pa Angoni a M'mbelwa ku Embangweni kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, ankachititsa mipikisano yopeka nyimbo za Mulungu. Maŵelera Tembo, Peter Thole, Charles Chinula ndi anzao adatenga maimbidwe a makolo, ena a ingoma ndi a kunkhondo, naikamo mau a Uthenga Wabwino. Nyimbozo zidaloŵa m'buku la Sumu za Ukristu ndipo zikuimbidwabe m'Sinodi ya Livingstonia. Pambuyo pake mbusa Tom Colvin adamasulira nyimbo zina za ku Malaŵi m'Chingerezi, ndipo zingapo zidaloŵa m'buku la nyimbo la Church of Scotland la mu 2005. Kumeneko amaziimba m'kati mwa tchalitchi, pamene woliza chitoliro, atavala kilt yake, akudikira pakhomo kuti atsogolere akwati potuluka.