Waganyu nayenso ndi wantchito



Pamene tinali alangizi a zaulimi, mu Januwale ndi Febuluwale tinkazungulira m'midzi kuuza anthu kuti apalire msanga ndi kuthira feteleza wobereketsa pa nthawi yake. Minda yambiri tinkaipeza ili tchire lokhalokha. Mwini wake ali kuti? Ali ku esiteti, kapena kwa mnzake wopezako bwino, kupalira mizere ya eni kuti madzulo abwere ndi kambale ka madeya. Ife m'malipoti tinkalemba kuti mlimi satsatira malangizo. Tinkamunamizira. Munda wopaliridwa mochedwa subereka, nkhokwe imatha msanga, ndipo chaka chotsatira munthu yemweyo amabwereranso pa ganyu ali ndi njala yoposa kale. Wanjala sanenerera mtengo. Olemba ganyu amadziwa zimenezi.

Komatu malamulo alipo. Gawo 31 la malamulo oyendetsera dziko lino limati munthu aliyense ali ndi ufulu wogwira ntchito motetezeka ndi kulandira malipiro oyenera. Lamulo la zantchito la 2000 limazindikira ngakhale mgwirizano wa ntchito imodzi yokha kapena wa nyengo yochepa, ndipo limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14. Mu 2021 boma lidaika malipiro otsikitsitsa pa K50,000 pamwezi, mu 2024 lidakweza kufika pa K90,000, yomwe ndi pafupifupi K3,460 patsiku. Kukwezako kudabwera kwacha itatsitsidwa kale mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choncho musati lidali phwando. Koma tafunsani amayi amene amasoka fodya kapena kupopera mankhwala wopanda magolovesi ndi chophimba kukamwa ngati ndalama imeneyi adaionapo ndi maso.

Za matenanti mukuzidziwa. Banja lonse kulima fodya chaka chathunthu, chimanga ndi mchere kumalembedwa ngati ngongole, fodya akagulitsidwa bwana n'kunena kuti palibe chotsala. Agogo athu ankachitcha thangata, ndipo ndi chimodzi mwa zimene zidakwiyitsa John Chilembwe mu 1915. Nyumba ya Malamulo idathetsa utenanti mu 2021. Tidasangalala. Koma munthu mukamusintha dzina kuchoka pa tenanti n'kukhala waganyu, malipiro n'kukhala omwe aja, ndiye mwasinthapo chiyani?

Tsopano tinene zotiwawa ife eni. Mu holo muno muli anthu amene amapita kuganyu, mulinso amene amalemba aganyu, ndipo ena timachita zonse ziwiri m'chaka chimodzi. Ndi angati mwa ife adauzapo munthu kuti "ubwere mawa" atamaliza ndime yake? Ndi angati timayeza chimanga cha waganyu ndi chigoba chophwanyika, koma pogulitsa timakangana ndi mavenda za sikelo? Sitingapite kwa eni maesiteti ndi nkhope yowuma pamene kwathu tikuchita zomwezo.

N'chifukwa chake tikupempha kalabu iliyonse kuti mvula isanagwe ikhale pansi ndi amfumu n'kugwirizana mtengo wa ndime: kutalika kwa mzere, kuchuluka kwa mizere, ndi ndalama kapena makilogalamu a chimanga. Mtengo uzimveka khasu lisanagunde pansi, pakhale mboni, ndipo malipiro aziperekedwa tsiku lomwelo. Wopopera mankhwala apatsidwe zodzitetezera ndi sopo. Ana akhale kusukulu.

Za kumaesiteti, mlembi wa kalabu akhale ndi kope lolembamo dzina la wodandaula, masiku amene wagwira, zimene adalonjezedwa ndi zimene walandira. Munthu mmodzi akapita yekha amabwezedwa pageti. Makope amenewa tidzawasonkhanitsa pamsonkhano wathu wa pachaka ndi kukawatula tonse pamodzi ku ofesi ya zantchito ya pa boma, ndipo tidzapempha kuti oyendera malo antchito afike m'maesiteti nyengo yopalira ndi yothyola fodya, osati mu Ogasiti anthu atabalalika kale.