Mawu akasasa osabwerera, kayezetseni makhololo



Tasonkhana kuno ku Namitete pa 24 Malichi chifukwa ndi tsiku limene, mu 1882, dokotala wa ku Germany, Robert Koch, adalengeza ku Berlin kuti wapeza kachilombo koyambitsa chifuwa chachikulu cha TB. Zizindikiro zake alangizi akhala akutiuza: kutsokomola kosatha, thukuta la usiku, kuwonda, kutentha thupi. Ine lero ndasankha kukamba za TB imene sititchula kawirikawiri, ya m'kholingo, momwe mumachokera mawu athu.

Nthawi zambiri imayambira m'mapapo. Wodwala akamatsokomola, makhololo amadutsa pakholingo, ndipo tizilombo timatsalira pa timinofu timene timanjenjemera munthu akamayankhula. Timinofuto timatupa, kenako timachita zilonda. Choyamba kuoneka ndi kusasa kwa mawu. Pambuyo pake kumeza kumayamba kupweteka, mwina ululu n'kumafika mpaka kukhutu. Munthu amasiya nsima n'kumangomwa phala, ndipo pena ngakhale malovu amamuvuta kumeza.

Vuto lake ndi loti kusasa mawu tonse tili ndi pokuthawitsira. Ino ndi nyengo ya fodya, ndiye wa ku Nsaru kapena ku Kabudula anena kuti ndi fumbi la m'chigafa. Amayi a kwaya ati tinachezera kuimba pamaliro. Mnyamata ati ndinakuwa kwambiri ku mpira. Zonsezi zimasasitsadi mawu, sindikukana, koma kusasa kotere kumatha pamasiku ochepa munthu akapuma. Mawu akasasa mpaka kupitirira milungu iwiri, makamaka ngati pali kachifuwa kapena thupi likutsika, musadikire kuti fodya athe kaye.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi ichi: TB ya m'kholingo imafala msanga, poti tizilombo timakhala pakhomo penipeni pa mpweya. Taganizani za mphunzitsi amene akukakamiza mawu m'kalasi yodzadza ana, kapena mlaliki m'tchalitchi cha mawindo otseka. Iye akuona ngati akulimba mtima pantchito, pamene akugawa matenda.

Abambo anzanga osuta chingambwe ndi okonda kachasu, apa ndikuyankhula ndi inu. Khansa ya pakhosi nayo imayamba ndi mawu osasa, ndipo matenda awiriwa amafanana kwambiri moti ngakhale dokotala sangawasiyanitse pongoyang'ana. Ndiye akakutumizani ku chipatala cha Kamuzu Central kuti akaunike m'kholingo, musabwerere panjira. Kumeneko n'kufuna kudziwa chenicheni chimene chikukudyani.

Mafumu anga, ndikudziwa kuti munthu akamatsokomola n'kumawonda, akuluakulu amayamba aganiza za tsempho. Zokambirana za pabanja zichitike, ine sindilowererapo. Pempho langa ndi loti makhololo afike kuchipatala sabata yomweyo. Makina a GeneXpert amatha kupeza TB pamaola awiri okha, ndipo amaonetsanso ngati tizilomboto tikukana mankhwala a rifampicin. Mukayezetsenso magazi, chifukwa HIV ikafooketsa thupi TB imalowa mosavuta.

Mankhwala a TB m'Malawi muno ndi aulere. Amamwedwa miyezi isanu ndi umodzi: miyezi iwiri yoyamba mitundu inayi, miyezi inayi yotsalayo mitundu iwiri. Woyamba msanga mawu ake amabwerera. Wochedwa amatha kuchira TB koma kutsala ndi zipsera m'kholingo, mawu osadzamvekanso bwino. Ndipo mawu akangobwerera musasiye mankhwala. Kusiyira panjira ndi kumene kumabala TB yosamva mankhwala, yomwe kuchiza kwake n'kovuta kwambiri.

Atsogoleri a kwaya, aphunzitsi aakulu, amayi a pakhomo, inu ndi amene mumayamba kumva kuti mawu a mnzathu asintha. Musamuseke kapena kumupangira madzi a mandimu basi. Muperekezeni kwa mlangizi wa zaumoyo kapena kuchipatala chapafupi, kaya ndi kuno ku St Gabriel's, ku Kabudula kapena ku Nambuma, ndipo akapezeka ndi TB, onse a m'nyumba mwake akayezedwenso.