Lonjezo la Kumapeto kwa Filimu

Munandipempha kuti ndiyankhule za mafilimu a ngwazi za mphamvu zodabwitsa. Ine ndasankhapo kanthu kamodzi kakang'ono, koma kamene kawalemeretsa eni mafilimuwa.

Kale filimu ikatha, maina a amene anaikonza akayamba kuyenda pa chinsalu, aliyense ankadzuka n'kumapita. Lero ambiri sadzuka. Amadikira mpaka maina onse atha, podziwa kuti pambuyo pake pabwera kagawo kena kakafupi. Chizolowezichi chinakula m'chaka cha 2008, pamene kampani ya Marvel inatulutsa filimu ya Iron Man. Maina atatha, panatulukira Nick Fury, mwamuna wa chigamba pa diso, amene mbali yake anasewera ndi Samuel L. Jackson. Iye anauza Tony Stark, mwini dzina la Iron Man, kuti pali maganizo osonkhanitsa ngwazi kuti zikhale gulu limodzi.

Limenelo linali lonjezo, ndipo a Marvel analisunga. Mu 2010, kumapeto kwa Iron Man 2, anaonetsa nyundo ya Thor itagwera m'chipululu ku New Mexico, ndipo chaka chotsatira filimu ya Thor inatuluka. Mu 2012 ngwazi zija zinakumanadi m'filimu ya The Avengers, imene inapha ndalama zoposa madola 1.5 biliyoni a ku America. M'filimu yomweyo, maina ali mkati, inaoneka nkhope ya mdani wina, Thanos. Anthu anadikira zaka 6 kuti amuone akumenyana ndi gululo mu Avengers: Infinity War, mu 2018.

Nanga chinsinsi chake n'chiyani? Kagawoka kamamtulutsa munthu m'holo ali ndi funso. Amene sadziwa nkhope imene yaonekayo amafunsa anzake owerenga timabuku ta zithunzi, ndipo nkhaniyo imakhala m'kamwa mwa anthu kwa miyezi. Motero oonera amasanduka otsatsa malonda osalipidwa. Ikafika filimu yotsatira, munthu amaona ngati ali nayo mangawa.

Komatu akulu anati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Mu 1987, kumapeto kwa Masters of the Universe, mdani wotchedwa Skeletor anavuuka nanena kuti adzabweranso, koma filimu yopitiriza nkhaniyo sinapangidwe. A Marvel nawonso anapunthwa. Mu 2023, mu Ant-Man and the Wasp: Quantumania, anaonetsa Kang ngati mdani wamkulu amene akubwera, koma mu 2024 analengeza kuti malo akewo watenga Doctor Doom. Zoterezi zikachuluka, oonera amayamba kudzifunsa ngati kudikira kuja kuli ndi phindu.

Taonani zimene anachita mu 2019. Avengers: Endgame, imene inatseka nkhani ya zaka 11, inalibe kagawo kotere. Amene anadikira anangomva kulira kwa nyundo posula chitsulo, kukumbutsa chiyambi cha Iron Man. Ngongole inali itabwezedwa, ndipo panalibe chifukwa chotengera ina tsiku lomwelo.

Choncho anzanga, chimene chimakhazika anthu pa mipando si kagawo kenikeniko ayi, koma malonjezo amene anasungidwa m'mbuyomo. Mukadzaona ana anu akukana kudzuka filimu itatha, musawakalipire. Kuona maso a nkhono n'kudekha.