Kuimba Nyimbo za Bach pa Piyano

Madzulo ano ndifuna kukamba nanu za nyimbo zakale za ku Ulaya, zimene zinalembedwa pakati pa caka ca 1600 ndi ca 1750, nyengo imene dzina lace ndi Baroque. Funso lathu ndi ili: kodi munthu angaziimbe bwanji pa piyano kuti zikhudze mtima wa womva?

Mmisiri wamkuru wa nyimbo zimenezi ndiye Johann Sebastian Bach, Mjeremani amene anabadwira ku Eisenach m'caka ca 1685, namwalira ku Leipzig mu 1750. Nyimbo zambiri zimene tizidziwa ziri ndi mau amodzi otsogolera, ndipo mau ena onse amangoperekeza. Koma m'nyimbo za Bach muli mau awiri, atatu, anai, ngakhale asanu, ndipo onsewo ali olingana ulemu, ali onse ndi njira yaoyao. Inu amene munaimbako m'kwaya mudziwa soprano, alto, tenor ndi bass. Tsono taganizani kuti oimba anai amenewa alowa m'zala khumi za munthu mmodzi, ndipo ali yense afuna kumveka. Bvuto lagona pamenepo.

Bvuto laciwiri ndi lakuti Bach sanalembere piyano imene tiri nayo ife. Iye ankaimba limba la mphepo la m'chalichi, clavichord, ndi harpsichord. Mu harpsichord muli kanthenga kamene kamakola nsambo ndi kuisiya, kotero kuti ngakhale mukanikize mwamphamvu kapena pang'ono, mau atuluka pafupifupi cimodzimodzi. Piyano inapangidwa ndi Bartolomeo Cristofori ku Florence ca m'ma 1700, ndipo iyo imamenya nsambo ndi tinyundo, motero mau ace amakula kapena kucepa monga mwa mphamvu ya cala. Bach anaimbako piyano za Silbermann ku Potsdam mu 1747, pamaso pa Mfumu Frederick, koma zinali za mau ang'ono poyerekeza ndi za makono. M'nyimbo zace zambiri Bach sanalembe pamene tiyenera kukweza mau kapena kuwatsitsa.

Cifukwa ca ici oimba ena amati, popeza palibe cizindikiro, tingoimba cogogoda, ndipo nyimbo imamveka ngati makina osokera zobvala. Ena amathira phokoso ndi kuponda copondera kosalekeza, mpaka mau onse asanganikira ngati phala. Mu 1837 Carl Czerny anasindikiza nyimbo za Bach naikamo zizindikiro zambirimbiri za iye mwini. Mphunzitsi adziwe tsono kuti si zonse zolembedwa m'buku la wophunzira wace zicokera kwa Bach.

Komabe Bach anasiya citsogozo. Mu 1723 anasonkhanitsa nyimbo 15 za mau awiri, Inventions, ndi zina 15 za mau atatu, Sinfonias, zophunzitsira ana ace ndi ophunzira ena. M'mau oyamba a bukulo anafotokoza kuti wophunzira azolowere kuimba mau awiri momveka bwino, pambuyo pace atatu, ndipo koposa zonse kuti zala zace ziimbe monga aimbira munthu ndi pakamwa. Malangizo anga onse atsamira pamenepo.

Coyamba, musafulumire kukhala pa piyano ndi manja onse awiri. Imbani mau ali onse paokha ndi pakamwa, ngakhale mwa sol-fa, kufikira mutawadziwa. Kenaka imbani mau amodzi ndi zala, ena ndi pakamwa, ndipo musinthanitse. Mau amene simungathe kuwaimba ndi pakamwa, makutu anu sadzawamva pamene zala zonse ziri pa nchito, ndipo cimene inu simukumva, womvera wanunso sangacimve.

Caciwiri, pumani. Pamene woimba akadakoka mpweya, tukulani cala pang'ono. Koma kumbukirani kuti mau awiriwo sapuma nthawi imodzi: dzanja lamanja likamapuma, lamanzere likali paulendo. Mu Invention yoyamba, ya C major, dzanja lamanja liyamba ndi mutu wa nyimbo waufupi, lamanzere nkubwereza mutu womwewo pansi, monga acitira wotsogolera nyimbo ndi obvomera. Posacedwa Bach autembenuza mutuwo, pokwera pasanduka potsika. Woimba amene waona zimenezi ali naco conena.

Cacitatu cikhudza fugue, ndiyo nyimbo imene mau amalowa motsatizana, ali onse ndi mutu umodzi womwewo. Mu 1722 Bach anamaliza buku loyamba la Well-Tempered Clavier, momwe muli ma fugue 24. M'fugue yoyamba alto ayamba, soprano atsata, kenaka tenor, potsiriza bass, ndipo mutuwo ubwera koposa ka 20 m'nyimbo ya masamba awiri okha. Mukaumenya mwamphamvu nthawi zonse pamene wabwera, womva adzatopa. Njira yabwino ndiyo kucepetsa mau enawo, monga acitira anthu pabwalo pamene wina wayamba kulankhula. Izi zifuna kuti zala ziwiri za dzanja limodzi zilemere mosiyana, ndipo luso limeneli limadza pang'onopang'ono. Kuthamanga si kufika.

Cacinai, samalani mau otalika. Pa piyano mau amayamba kuzirala atangomenyedwa. Tsono pamene Bach wagwiritsa mau amodzi nthawi yaitali kuti akhulane ndi anzace, kenaka nkugwirizana nao, muwapatse mphamvu yokwanira poyamba, kuti kukhulanako kumveke. Kukoma kwakukuru kwa nyimbo zace kuli m'malo otere. Copondera ca kumanja mucigwiritse nchito mosamala ndi mwacidule. Kulumikiza mau ndi nchito ya zala. Ndipo liwiro likhale lokhazikika, pakuti mau anai sangayendere limodzi ngati mayendedwe asinthasintha.

Musaganize kuti njira yoona ndi imodzi yokha. Edwin Fischer anajambula Well-Tempered Clavier yonse pa piyano pakati pa 1933 ndi 1936, mofatsa ndi molumikiza mau. Glenn Gould wa ku Canada anajambula Goldberg Variations mu 1955, mwacangu, ndi mau odukaduka, osaponda copondera kawirikawiri. Maimbidwe ao asiyana kutali, koma mwa onse awiri mungathe kusankha mau amodzi ndi kuwatsata kuyambira poyamba mpaka potsiriza.

Muyeso umenewo ndiwo ndikusiyirani, aphunzitsi. Wophunzira akamaliza kuimba, funsani mnzace amene anali kumvera kuti abwereze ndi pakamwa zimene dzanja lamanzere linaimba. Akatha kutero, wophunzira wanu waimba Bach.