Ngongole ya Galimoto Yatha, Nanga Zotsalazo Zipite Kuti?

Inu amene muli kunyumba, inu amene mwaika wailesi pa kauntala m'golosale, inu amene muli pamsewu, mtendere wa Mulungu ukhale nanu. Lero tili pa 2 Mafumu mutu 4, ndime 1 mpaka 7. Amene muli ndi Baibulo pafupi litseguleni. Amene mukuyendetsa, manja akhale pa chiwongolero, mukawerenga mukafika.

Nkhani ili pamenepo ndi ya mayi wamasiye. Mwamuna wake anali wa m'gulu la aneneri, munthu woopa Mulungu, koma anamwalira atasiya ngongole. Mwini ngongole anali m'njira kudzatenga ana awiri a mayiyo kuti akhale akapolo. Mayi anathamangira kwa Elisa. M'nyumba monse munalibe kanthu, kupatula kansupa ka mafuta. Elisa anamutuma kukabwereka ziwiya kwa anansi. Mayi anatseka chitseko, iye ndi ana ake m'kati, n'kuyamba kutsanulira mpaka ziwiya zonse zinadzaza. Ambiri tikafika pamenepa timaomba m'manja n'kutseka Baibulo. Koma taonani ndime 7. Mafuta atadzaza, mayi uja sanathamangire kumsika ayi. Anabwerera kwa munthu wa Mulungu kukafunsa chochita. Anauzidwa kuti agulitse mafutawo, abweze ngongole, ndipo zotsalazo zisunge moyo wake ndi wa ana ake.

Lero ndikufuna tikambe za zotsalazo.

Alipo pakati panu amene mwangomaliza kubweza ngongole ya galimoto, kapena mwatsala ndi miyezi iwiri itatu. Mukukumbukira mmene inabwerera. Inachokera ku Japan, inatsikira pa doko la Dar es Salaam, inalowa pa Songwe, a MRA anatenga msonkho wawo. Ndalama zonsezo munakongola kubanki kapena ku SACCO ya kuntchito. Kuyambira pamenepo, mwezi ukatha, malipiro amafika atadulidwa kale. Miyambo 22 ndime 7 imayerekeza wokongola ndi kapolo wa womukongoza, ndipo inu simukufunika m'busa woti akumasulireni vesi limeneli, munalimva pa thupi. Mumayendetsa galimoto anthu n'kumakupatsani ulemu, koma mumtima mukudziwa kuti mwini wake weniweni wakhala pa ofesi ina m'tauni. Tsopano goli lathyoka. Nenani Amen! Pitani mukatenge kalata yotsimikiza kuti ngongole yatha. Ngati dzina la banki linalembedwa pa mapepala a galimoto, mukasinthitse ku Road Traffic. Ufulu wanu ukhale wolembedwa.

Koma mvetserani bwino. Tiyerekeze kuti amakudulani K300,000 pa mwezi. Mwezi wamawa ndalama imeneyo ikhala m'manja mwanu. Pa Mateyu 12, ndime 43 mpaka 45, Ambuye Yesu anakamba za mzimu woipa umene unatuluka mwa munthu, n'kubwerera kudzapeza nyumba yosesedwa bwino koma yopanda wokhalamo. Unakaitana ina isanu ndi iwiri yoposa iwo kuipa. Ambuye amanena za moyo wauzimu, inde, koma phunziro lake limafika mpaka m'thumba. Malo amene ngongole yachoka sakhala opanda kanthu nthawi yaitali.

Woyamba kugogoda ndi yemwe uja anakukongozani. Akuimbirani foni ndi mawu okoma: bwana, ndinu kasitomala wokhulupirika, tikhoza kukupatsani ina yokulirapo. Wachiwiri ndi diso lanu lomwe. Galimoto imene mwakhala mukuipukuta ndi chikondi zaka zinayi iyamba kuoneka yakale, chifukwa mnzanu wa kuntchito wagula yaitali. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wachitatu ndi mimba: kanyenya lero, tchipisi ndi nkhuku mawa, mabandulo a intaneti, ndiye wina n'kuyamba kubetcha mpira pa foni. Miyezi isanu ndi umodzi ikatha, mudzaima n'kudzifunsa kuti, kodi K300,000 ija ikumapita kuti? Palibe wakuba anathyola chitseko. Ndalama ikasowa ntchito kwa mwini wake imakapeza ntchito kwa anthu ena.

Nanga tichite chiyani? Choyamba, bwererani kwa Mulungu ngati mayi uja anabwerera kwa Elisa. Pa Luka 17 akhate khumi anachiritsidwa, wobwerera kudzathokoza anali mmodzi yekha, Msamariya. Pa zaka za ngongolezi ntchito ikanatha, matenda akanabwera, galimoto ikanagwera m'phompho musanamalize kulipira. Anakusungani ndani? Ena munasiya chakhumi mukuti zikadzatha ndidzayambanso. Zatha tsopano, mawu anu aja akukudikirani. Bweretsani nsembe ya chiyamiko ndi mtima wokondwa, monga mwatsimikiza nokha.

Koma pano ndichenjeze, ngakhale ena sakondwa nane. Werengani nkhani ija kuyambira pamwamba mpaka pansi, simupeza pamene Elisa anapempha ngakhale dontho limodzi la mafutawo. Mutu wotsatira, Namani atachira khate anabwera ndi siliva, golide ndi zovala, Elisa anakana. Amene anathamangira mphatsozo ndi Gehazi, ndipo mukudziwa chimene anatenga pamodzi nazo. Choncho wina akakuuzani kuti ndalama yonse imene mwapulumutsa muibzale pa mapazi ake kuti mulandire galimoto zitatu, mufunseni kuti akuyenda mu mzimu wa Elisa kapena wa Gehazi.

Chachiwiri, fufuzani ngati palibe ngongole zina zobisala. Ya banki yatha, chabwino. Nanga ya katapila ija munatenga injini itavuta? Yambani ndi imeneyo, chifukwa chiwongoladzanja chake chimakula ngati udzu wa m'dzinja. Nanga buku la kugolosale? Nanga banki m'khonde imene mayi akunyumba anakongolako kuti ana asabwezedwe kusukulu? Nanga achimwene anu amene anakuthandizani ndalama yoombolera galimoto pa boda, ndipo sanakukumbutsenipo chifukwa cha ulemu? Kukhala chete kwawo si kuiwala. Musadikire kuti adzatchule pa maliro.

Chachitatu, phunzirani kwa Yosefe. Pa Genesis 41 analangiza Farao kuti pa zaka zisanu ndi ziwiri za zokolola zambiri azisunga gawo limodzi mwa magawo asanu. Yosefe anali ndi Mzimu wa Mulungu, komabe anamanga nkhokwe. Kusunga si kusowa chikhulupiriro. Galimoto yanu yakula ndi zaka za ngongole ija. Matayala akutha, giyabokosi tsiku lina idzalira, inshuwalansi ndi COF zimabwera nthawi yake osaphonya. Zipangizo zake zimachokera kunja, ndipo nonse mukukumbukira kuti mu May 2022 kwacha inagwa ndi 25 peresenti, mu November 2023 inagwanso ndi 44 peresenti. Amene anasunga ndalama pansi pa matiresi anadzuka m'mawa mapepala ali omwewo, koma mphamvu yake itachepa.

Ndiye langizo langa ndi ili. Thupi lanu lazolowera kale kukhala popanda K300,000 ija. Musalidzutse. Uzani banki kuti tsiku lomwe lija amadula ngongole, azichotsa ndalamayo n'kuika ku akaunti ina imene mulibe khadi yake m'thumba, kapena ku masheya anu a ku SACCO. Miyezi 12 ikakwana ndi K3,600,000. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Gawo lina likhale lodikira tsoka: matenda, maliro, galimoto ikafa pamsewu. Gawo lina lisanduke chinthu chogwirika kwacha isanalidye: puloti ya mapepala oona, njerwa, malata, feteleza wogula mvula isanayandikire, chimanga chogula nthawi yokolola pamene mtengo uli pansi, osati mu January anthu ali pa mzere. Fizi ya ana lipiranitu teremu isanatsegulidwe.

Chachinayi, ndipo apa azibambo ndikupemphani musazimitse wailesi. Pamene mafuta amatsanulidwa, chitseko chinali chotseka, koma ana anali m'kati. Amanyamula ziwiya, amaona zonse. Alipo abambo amene ngongole inatha chaka chatha, koma kunyumba sananene. Mayi akadali kugula bonya ndi masamba, akadali kuvala chitenje chomwechija, akuti tipirire bambo akulipira galimoto. Bambo, ndalama ija ikugona kuti? Amene anapirira nanu pa njala ali ndi gawo pa zotsala. Khalani pansi usiku uno, ikani pepala la malipiro pa tebulo, mugwirizane. Mwina mayi ali ndi geni imene yakhala ikudikira mpamba zaka zonsezi. Amayi amene ngongole inali yanu, inunso chimodzimodzi. Ndalama yobisa imaswa banja msanga kuposa umphawi.

Musaiwalenso makolo kumudzi. Pa 1 Timoteo 5 ndime 8 Paulo sananyengerere munthu wosasamala a pabanja pake. Patulani gawo lodziwika mwezi uliwonse, lifike osapemphedwa. Kupatsa n'kuika. Gawolo likatha, nenani mwachikondi kuti latha, osakakongolanso pofuna kutamandidwa.

Inu amene mukuti, abusa, ine ndilibe ngakhale njinga, ngongole zandizinga, musataye mtima. Mayi uja anayamba ndi kansupa kamodzi. Ndipo ilipo ngongole imene malipiro a munthu aliyense sangaikwanitse, ngongole ya tchimo. Akolose 2 ndime 14 imatiuza kuti kalata ya mangawa athu inakhomedwa pa mtanda. Ngati simunampatse Yesu moyo wanu, lero ndi tsiku lake.

Tiyeni tipemphere. Atate, m'dzina la Yesu, tikuyamikani chifukwa cha aliyense amene mwamutulutsa m'goli la ngongole. Mupatseni nzeru pa zotsala. Tikukana mzimu wobwerera ku ukapolo, mzimu wa kuwononga, mzimu wa chinsinsi m'banja. Amene akadali kulipira, alimbitseni mpaka mwezi womaliza. Amene akuopsezedwa ndi eni ngongole, tsegulani khomo. Wosakudziwani, mulandireni pamene akuitana dzina lanu. Tetezani onse oyenda pamsewu. M'dzina la Yesu Khristu tapemphera, Amen.

Ambuye akudalitseni nonse. Tidzakumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomweyino.