Mawu a mlendo wolemekezeka pa mwambo wotsegulira laibulale ndi kukhazikitsa thumba la maphunziro

 

Ndithokoze a komiti ya makolo pondikhazika pampando wapamwambawu. Ndikudziwa kuti kuno kwathu mlendo wolemekezeka saitanidwa chifukwa chodziwa kulankhula kokha. Anthu amamvetsera ndithu, koma diso limakhala lili pathumba la jekete. Mitima ikhale m'malo, envulopu ndabwera nayo. Koma poti mwandipatsa mpata, mundilole ndiyambe ndanenapo za chuma, ulemu umene chimabweretsa, ndi ntchito imene chiyenera kugwira pakati pathu.

Munthu akapata kuno kwathu, mayina amamuchulukira. Makolo athu ankati mpondamatiki, masiku amene tiki inkagula kanthu. Ife timati mpondamakwacha, khumutcha, namadyabwino. Anyamata a pasiteji akamuona amati bigi, akuntchito amati bwana mkubwa, akakhala mayi timati dona, ndipo ana awo ndi ana a kumayadi. Mukawamvetsera bwino mayina onsewa, akungonena zimene maso aona: nyumba ya mpanda wautali ku Area 43 kapena ku Namiwawa, Prado ya magalasi akuda, ana ophunzira kunja, tchuthi cha ku Dubai. Palibe ndi limodzi lomwe limene likunena zimene munthuyo wachitira anzake.

Ndiye pali mayina ena amene amatuluka galimoto ikangodutsa, fumbi lisanakhazikike. "Ameneyu anakhwimira." "Za Cashgate izi." Chichokereni 2013, pamene zinaululika kuti ndalama za boma zinkatuluka ku Capital Hill kulipira katundu amene sanaperekedwe n'komwe, anthu akaona nyumba yosanja amayamba afunsa kaye kumene kwachokera simenti. Ambiri mwa inu chuma chanu munachipeza ndi thukuta, ndipo manong'onong'o otere amakuwawani. Koma mpanda, ngakhale utalike chotani, sutseka pakamwa pa anthu. Mbiri ya munthu imasintha m'mudzi tsiku limene anthu ayamba kunena kuti uja ndiye anaphunzitsa mwana wa malemu uje, uja ndiye anatikumbira mjigo.

Sindikunena kuti Amalawi ndife ouma manja, ayi. Pitani kuholo Loweruka masana mukaone perekaniperekani. Woyendetsa mwambo wanyamula lichero, akuitana akuchimuna, akuchikazi, anzawo akuntchito, akumpingo. Pakona pali tebulo la osintha ndalama, akuphwanya ma K5,000 kuti munthu aponye pang'onopang'ono mpaka nyimbo ithe, anthu amuone. Pitaninso pamaliro. Chipepeso chimawerengedwa pagulu, dzina ndi ndalama yake, bokosi limakhala lonyezimira, nkhata mulu. Nthawi zina malemuyo anagona mwezi wathunthu m'chipatala popanda womugulira mankhwala. Ndipo tonse tikukumbukira March 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche, matope n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, anthu oposa 1,000 n'kutisiya m'dziko muno. Anthu wamba ananyamula ufa, zovala ndi ndowa kupita nazo kumisasa popanda wowakakamiza.

Mtima wopatsa tili nawo. Vuto lathu ndi lakuti kupatsa kwathu kumadikira nyimbo kapena kulira. Mwana amene waleka sukulu Lolemba m'mawa, kaya chifukwa cha fizi, kaya yunifolomu, kaya lendi ya kachipinda kamene amagonamo poti kwawo n'kutali, alibe woyendetsa mwambo womuitanira anthu. Amangosowa m'kalasi. Mwezi ukamatha mumupeza pa ganyu, akakhala mtsikana mumva kuti analowa m'banja. Thumba limene tikukhazikitsa lero ndi la mwana ameneyo.

Ndikufuna ndikutchulireni anthu angapo amene dziko limawatcha opatsa, tione chimene tingatolepo.

Woyamba ndi Andrew Carnegie. Anabadwa mu 1835 m'tauni ya Dunfermline ku Scotland, m'banja la woomba nsalu. Umphawi utawapanikiza anasamukira ku America mu 1848, ndipo mnyamatayo anayamba ntchito m'fakitale ya thonje, malipiro ake $1.20 pa sabata. Kumeneko kunali bambo wina, James Anderson, amene ankabwereketsa mabuku ake kwa anyamata apantchito. Carnegie sanaiwale. Atalemera ndi zitsulo, n'kugulitsa kampani yake mu 1901 pamtengo wa madola 480 miliyoni, ndalama zake zinamanga malaibulale oposa 2,500 m'maiko osiyanasiyana. Chimene ndikufuna mumve ndi kaperekedwe kake. Sankangomanga n'kuchoka. Tauni yofuna laibulale inkayenera kupereka malo, n'kulonjeza kuti chaka chilichonse izidzaika ndalama yokwana gawo limodzi mwa magawo khumi a mtengo wa nyumbayo, yoyendetsera ndi kukonzera. Anadziwa kuti chinthu chimene eni dera sanaikepo kanthu, galasi likasweka amadikira mwini wake adzakonze.

Wina anganene kuti za ku America izo. Tiyeni tibwere ku Wimbe, ku Kasungu. Nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, William Kamkwamba analeka sekondale chifukwa makolo ake analephera kupeza fizi ya pafupifupi madola 80 pachaka. Chimene chinamusunga ndi kalaibulale kakang'ono ka pasukulu ya pulaimale ya kwawoko. M'menemo anapeza buku lotchedwa Using Energy, naona chithunzi cha makina oyendera mphepo. Anatola zitsulo zotayidwa, njinga ya bambo ake ndi mitengo ya bulugamu, n'kuyatsa magetsi m'nyumba mwawo ali ndi zaka 14. Mu 2007 anakalankhula pamsonkhano wa TED ku Arusha, ndipo mu 2014 anamaliza maphunziro ku Dartmouth College. Amene anaika mabuku pa alumali ija sanadziwe kuti adzawerenga ndani. Nafenso sitikudziwa kuti mwa ana akhala apawa, amene adzatidabwitse ndi uti.

Wachiwiri ndi Alfred Beit, amene analemera ndi migodi ya dayamondi ku Kimberley ndi ya golide ku Johannesburg. Anamwalira mu 1906. Asanamwalire analemba kuti gawo la chuma chake likhale thumba loyendetsedwa ndi matrasti, ndipo thumba limenelo, Beit Trust, likuthandizabe Malawi, Zambia ndi Zimbabwe mpaka lero. Amene mwapitako ndi mwana wopunduka miyendo kuchipatala cha Beit CURE ku Blantyre, chimene chinatsegulidwa mu 2002, mwaona ndi maso. Zaka zoposa 100 mwini wake ali m'manda, ndalama ikugwirabe ntchito, chifukwa panali malamulo olembedwa, oyang'anira odziwika ndi mabuku owerengedwa. Kuno kwathu khumutcha akamwalira, chaka chisanathe magalimoto amakhala atakwera pamiyala, achibale ali kukhoti.

Koma ndisakubiseni mbali ina. Chuma cha migodi ya kumwera chinakumbidwa ndi manja a anthu akuda olipidwa zochepa, ogona m'makomboni otsekeredwa, ndipo agogo athu ambiri anatsika m'migodi ya ku Joni. Carnegie nayenso ali ndi banga. Mu 1892, pafakitale yake ya ku Homestead, antchito atakana kudulidwa malipiro, kunabuka nkhondo ndi alonda aganyu ndipo anthu anafa. Laibulale sinadzutse amene anafawo. Tsono inu anzanga a bizinesi, ndi ine ndemwe, kupatsa kuyambire pakhomo. Musanabwere ndi cheke kuno, mlonda wa pageti panu walandira? Mtsikana wantchito amene amalera ana anu, ake akupita kusukulu? Mlimi amene munamugula soya, sikelo inali yoona? Munthu amene amafinya antchito mkati mwa sabata, Loweruka n'kukajambulitsa akugawa mabulangete, sanapatse kanthu. Wangobweza pang'ono za eni ake.

Wachitatu ndi Chuck Feeney wa ku America, mmodzi mwa amene anayambitsa masitolo a Duty Free Shoppers a m'mabwalo a ndege. Iyeyu anasamutsira chuma chake ku bungwe lake lothandiza mwakachetechete, ndipo kwa zaka zambiri masukulu ndi zipatala zinkalandira ndalama osadziwa kumene zikuchokera, mpaka zinadzaululika mu 1997. Pofika 2020 anali atapereka madola oposa 8 biliyoni, bungwelo n'kulitseka poti ntchito yatha. Anamwalira mu 2023 akukhala m'nyumba ya lendi ku San Francisco. Sindikuti nonse mugulitse nyumba zanu. Ndikuti tiganizire munthu wolandirayo. Taona kangati gogo atagwaditsidwa padzuwa, thumba la ufa lili pamutu, akudikira kuti wojambula amalize kuti chithunzi chikaikidwe pa Facebook? Njala yake yatha sabata imodzi, manyazi ake akhala pa intaneti mpaka kale. Ndikupempha a komiti kuti ana amene adzathandizidwe ndi thumba lino asadzaimitsidwe pa asembule kuti anzawo awaone, ndipo asadzaimbitsidwe nyimbo zotamanda munthu.

Musaganize kuti zimenezi ndi za azungu okha. Ku Zimbabwe, Strive Masiyiwa ndi mayi akunyumba kwawo, Tsitsi, akhala akulipirira sukulu ana amasiye kuyambira 1996 kudzera ku Higherlife Foundation. Ku South Africa, Patrice Motsepe mu 2013 anakhala munthu woyamba wa mu Africa kulowa m'pangano la Giving Pledge, limene Bill Gates, Melinda Gates ndi Warren Buffett anayambitsa mu 2010, lakuti olemera kwambiri apereke theka kapena kuposerapo la chuma chawo. Kwathu konkuno, a Napoleon Dzombe anamanga chipatala cha Blessings ku Lumbadzi. Ndipo pali ena ambiri amene nyuzipepala sizidzawalemba: namwino wa ku Manchester amene amatumiza fizi ya ana a mlongo wake, mnyamata wa ku Joni amene amasunga nyumba zitatu kumudzi, mayi wogulitsa mandasi amene akulera ana a m'bale wake. Tikayerekeza chopereka ndi chimene munthu ali nacho, amenewa amatiposa ambirife takhala kutsogolo kuno. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo iwowa akhala akuika kwa zaka zambiri popanda wowaombera m'manja.

Tsopano ndipereke katundu kwa eni ake.

Inu a komiti, ndalama ya gulu imadanitsa. Tsegulani akaunti kubanki ya osayinira atatu, ndipo asakhale apachibale. Tambala iliyonse ikhale ndi lisiti. Pakutha pa teremu iliyonse, matani pakhoma la ofesi pepala loonetsa zolowa ndi zotuluka, kuti kholo lililonse liwerenge. Malamulo osankhira ana alembedwe lero, mwana wa wapampando asanafike pa Fomu 1. Anthu ambiri amene amaoneka ngati ouma manja anapsapo kale: anapereka, ndalama n'kulowera kwina. Mukawaonetsa mabuku oyera, adzabweranso okha.

Inu amene munaphunzira pano, lonjezo la pamaikolofoni ndi losavuta. Ndikupempha chinthu chovutirapo. Kambiranani ndi banki yanu kuti mwezi uliwonse izidula kangachepe kupita ku thumbali, kaya K5,000, kaya K50,000, monga mwa mphamvu zanu. Mphunzitsi wamkulu angathe kulonjeza mwana zaka zinayi za sukulu pokhapokha akudziwa kuti mwezi wamawa kubwera kanthu.

Gogo Chalo ndi mafumu, malo munapereka, njerwa anthu anu anaumba, mchenga anatuta. Tikuthokoza. Laibulaleyi ndi yanu. Lata likadontha musadikire alendo a ku Lilongwe. Ndiponso mutithandize kuti mtsikana amene thumba lamulipirira asatulutsidwe m'kalasi kukakwatiwa, chifukwa malamulo a dziko lino salola ukwati wa mwana wosakwana zaka 18.

Makolo, mwana akabwera ndi buku kunyumba, mupatseni nthawi ndi kuwala koti awerengere. Ndipo inu ana anga, mabukuwa sanabwere kudzakongoletsa alumali. Ndikadzabweranso ndidzakondwa kuwapeza atada m'mbali chifukwa chogwiridwagwiridwa, kusiyana ndi kuwapeza akadali m'mapulasitiki. Amene thumba lidzakuthandizeni, palibe adzakulondoleni kuti mubweze. Koma mukadzayamba kulandira malipiro, mudzakumbukire kuti pasukulu ino padzakhala mwana wina wofanana ndi inu.

Kumbali yanga, chopereka cha lero ndasiya kwa msungichuma, ndipo ndapempha kuti chilembedwe m'buku monga zopereka zina zonse. Ndasayinanso kalata ya kubanki ya mwezi ndi mwezi. Amene muli okonzeka kuchita chimodzimodzi, makalata ali patebulo la pakhomo, ndipo a komiti akuthandizani kulemba tisanapite kukadya.

Ndi mawu amenewa, mwa ulemu umene mwandipatsa, ndikulengeza kuti laibulale ya sukulu ino yatsegulidwa, ndipo thumba la maphunziro layamba kugwira ntchito lero.

Mulungu adalitse sukulu ino, adalitse Malawi.