UDZU WOWERENGA MAORA A USIKU

Munthu ali yense amene anakulira kumudzi adziwa tsekera. Mvula ikayamba mu Novembala udzu umenewu uphuka wanthete, ndipo ng'ombe ziudya mokondwa nizinenepa. Koma pofika Marichi ndi Epulo udzu womwewo utalika kupambana munthu, numasula maluwa, nulimba ngati mitengo ya nsungwi zazing'ono. Pamenepo ng'ombe ziyamba kuunyoza, ndipo pofika Okutobala nthiti zao zioneka poyera. Codabwitsa ndi ici: kaya mvula yafulumira, kaya yacedwa, tsekera amasula pa nyengo yomweyo caka ndi caka. Kodi auza udzu ndani kuti nthawi yakwana?

Funso limeneli lioneka ngati lacibwana, koma yankho lace lasanduka nkhani ya ndalama zambiri ku America, ku Ulaya ndi ku Brazil, kumene anthu alima udzu kuti apangire mafuta a galimoto ndi magetsi.

FODYA AMENE ANAKANA KUMASULA

Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900, m'munda wina m'dera la Maryland ku America, munamera fodya wacilendo. Anzace onse anamasula nabereka mbeu, koma iye anangokula-kula, masamba pamwamba pa masamba, kufikira cisanu cinamupha alibe duwa ndi limodzi lomwe. Alimi anamucha Maryland Mammoth. Anakondwa naye cifukwa ca kuculuka kwa masamba ace, koma anasowa potenga mbeu.

Akatswiri awiri a boma, W. W. Garner ndi H. A. Allard, anayesa kusintha dothi, madzi ndi kutentha, koma osaphula kanthu. Potsiriza anamanga kanyumba kamdima. Madzulo ali onse, dzuwa likali m'mwamba, analikulowetsa fodyayo m'kanyumbamo, namturutsa m'mawa mwace. Fodya uja, poona masiku aafupi, anamasula pakati pa nyengo yofunda. Kuona maso a nkhono nkudekha. M'caka ca 1920 anthu awiriwa analengeza kuti zomera zambiri zidziwa nyengo poyesa kutalika kwa usana.

Mu 1938 Karl Hamner ndi James Bonner anaonjezapo mfundo ina. Anapeza kuti cimene comera ciwerenga kweni-kweni ndi usiku. Akayatsa nyali kamphindi kocepa pakati pa usiku wautali, comera ca masiku aafupi cinali kuleka kumasula. Wogwira nchito ya usiku pa mgodi amvetsa zimenezi msanga: tulo ta maora asanu ndi atatu todukizidwa pakati sitilingana ndi tulo tosadukiza. Tsamba ndilo limva kuwala ndi mdima, kenaka litumiza uthenga kunsonga kumene comera cikulira. Mikhail Chailakhyan wa ku Russia ananena za uthenga umenewu mu 1936, koma panapita zaka zoposa 70 kuti akatswiri, mu 2007, atsimikize cimene ciyenda kucokera kutsamba kunka kunsonga.

USANA SULINGANA M'MAIKO ONSE

Ku Lusaka usana wautali koposa, mu Disembala, uli wa maora 13, ndipo waufupi koposa, mu Juni, upitirira pang'ono maora 11. Ku London usana wa mu Juni uposa maora 16 ndi theka, ndipo wa mu Disembala sukwana maora 8. Kusiyana kwa m'maiko otentha nkocepa kotero kuti anthu ambiri sakusamala, koma udzu wa m'maikowa uli ndi khutu lakuthwa: kusintha kwa mphindi 20 kapena 30 kokha kukwanira kuuuza kuti mvula iri pafupi kutha.

Tsono pamene udzu umasula pacitika cinthu cacikuru. Nsonga imene inali kuturutsa masamba ndi mfundo zatsopano isanduka ngala, ndipo phesi limenelo silionjezanso tsamba lina ai. Cakudya cimene masamba apanga cipita ku mbeu. Kwa mlimi wofuna ufa zimenezi ndi zabwino. Koma kwa munthu wofuna mapesi ndi masamba ambiri, tsiku lomasula ndilo tsiku limene phindu lace lileka kukula.

MAPIRA A KU AFRICA M'DZIKO LA TEXAS

Mapira ndi mbeu ya ku Africa. Mitundu yace yakale ndi yaitali, ndipo idikira masiku afupike isanaturutse ngala. Itatengedwa kunka ku America, kumene usana wa nyengo yofunda ufika maora 14 ndi 15, inacita monga fodya uja: inakula kwambiri, koma cisanu cinali kuipeza isanakhwime. Cifukwa cace mu 1963 boma la America ndi akatswiri a ku Texas anayamba nchito yosandutsa mapira a m'maiko otentha kuti akhale aafupi ndi osasamala kutalika kwa usana.

Pamene anthu anayamba kufuna mafuta ocokera ku zomera, khalidwe lomwe lija linali kudedwa linasanduka cuma. Mu 1999 William Rooney ndi mnzace, a pa Texas A&M University, anafotokoza za mapira amene samasula kufikira usana ufupike pansi pa maora 12 ndi mphindi 20. Ku Texas zimenezi sizicitika kufikira mu Sepitembala. Cotero mapira obzalidwa mu Epulo angokula miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, nafika mamita 4 kapena 5, ndipo munda wace uoneka ngati nkhalango.

Nzeru yomweyi igwiranso nchito pa udzu wa ku America wochedwa switchgrass, umene boma la dzikolo linausankha mu 1991 kuti ufufuzidwe koposa udzu wina wonse wa mafuta. Mtundu wace wa kum'mwera, monga Alamo wa ku Texas, ukabzalidwa kumpoto ucedwa kumasula nubala mapesi ambiri kupambana mitundu ya komweko. Ku Ulaya alima miscanthus, udzu wautali umene Aksel Olsen anautenga ku Japan napita nao ku Denmark mu 1935. Udzu umenewu subereka mbeu zomera, ndipo ukula kufikira kumapeto kwa nyengo yofunda.

MKUWA M'KATI MWA MWALA

Koma kuculuka kwa mapesi si nkhani yonse. Pa mgodi sayesa mwala ndi kulemera kwace kokha. Afunsa kuti muli mkuwa wotani m'katimo, ndiponso kuti pafunika mphamvu yotani kuti mkuwawo uturuke. Udzu ulinso cimodzi-modzi. Mbali yaikuru ya phesi louma ndi ulusi wochedwa cellulose, umene uli shuga wolumikizana ngati unyolo. Shuga ameneyu ndiye mkuwa wa m'udzu. Koma ulusiwo ndi wokutidwa ndi cinthu cina colimba cochedwa lignin, cimene cilimbitsa phesi monga simenti ilimbitsa zitsulo za m'cipupa. Lignin ndiye mwala wace.

Amai ofulula mowa adziwa kuti phala lopanda cimera silitsekemera. M'cimera muli mphamvu yophwanya ufa kuti usanduke shuga, ndipo shugayo ndiye awira nakhala mowa. Pa fakitale ya mafuta acitanso zonga zomwezi. Ayamba kuphwanya mapesi ndi kuwaphika ndi nthunzi kapena ndi mankhwala kuti lignin atseguke. Kenaka athira mankhwala ogwira nchito ngati cimera, athiranso yisiti, ndipo potsiriza acheza madziwo monga acheza kacasu. Cotulukamo ndi etanolo, amene asakanizidwa ndi petulo. Lignin akaculuka, pafunika moto wambiri ndi mankhwala ambiri, ndipo shuga woturuka acepa.

Ng'ombe iri ndi fakitale yotere m'mimba mwace. M'cifu cace cacikuru muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene tiphwanya cellulose, koma lignin titalephera kumphwanya. Mu 1963 J. M. A. Tilley ndi R. A. Terry, a ku Hurley ku England, anapeza njira yoyesera kugayika kwa udzu m'botolo: anaika udzu wopera m'madzi a m'cifu ca nkhosa maora 48, nauikanso m'mankhwala onga a m'mimba maora ena 48, nayesa cimene catsala. Udzu wogayika bwino m'cifu kawiri-kawiri ugayikanso bwino pa fakitale.

Apa ndipo kutalika kwa usana kulowa m'nkhani kaciwiri. Tsamba ligayika bwino kupambana phesi, ndipo phesi lanthete ligayika bwino kupambana lokhwima. Udzu ukamasula, masamba atsopano aleka kubwera, akale ayamba kuuma, ndipo lignin aonjezeka m'phesi. Cotero udzu wocedwa kumasula ukhala wobiriwira ndi wa masamba nthawi yaitali. Komabe phesi la mamita 5 liyenera kusenza katundu wace ndi kulimbana ndi mphepo, ndipo mfundo zace za m'munsi, zimene zakhala miyezi yambiri, zilimba kwambiri. Mlimi apindula pa kulemera kwa zokolola, koma gawo lina la phindulo alibweza pa fakitale.

WALIRA MVULA WALIRA MATOPE

Akatswiri anayesa kucepetsa lignin. Mu 1978 a pa Purdue University anafotokoza za mapira amene msana wa tsamba lace ndi wofiirira, amene ali ndi lignin wocepa ndipo agayika bwino. Koma mapira otere, mwa mitundu yace ina, agwa msanga mphepo ikaomba, ndipo phesi logona pansi livuta kukolola.

Palinso mabvuto ena. Udzu umene sunamasule ukololedwa uli wauwisi, madzi ace oposa theka la kulemera kwace, ndipo wolipira galimoto alipirira madzi. Udzu wa zaka zambiri, monga switchgrass ndi miscanthus, uyenera kutsitsa cakudya cace kumizu cisanu cisanafike. Masiku aafupi ndiwo auuza kutero. Mtundu wa kum'mwera ukapita kumpoto kwambiri ucedwa kumva cenjezo limeneli, cisanu ciupeza uli wobiriwira, ndipo munda wonse ungathe kufa m'caka cimodzi.

Kwa iwo amene atentha udzu kuti apange magetsi, lignin si mdani, pakuti ayaka ndi moto wamphamvu kupambana cellulose. Ndico cifukwa cace ku England miscanthus ausiya m'munda nyengo yonse ya cisanu, naudula pakati pa Febuluwale ndi Epulo utauma. Wofuna moto adikira udzu ukhwime. Wofuna shuga aufuna usanalimbe.

Kulimba kwa phesi kwagwetsa kale anthu a ndalama. M'dera la Iowa ku America anatsegula mafakitale awiri aakuru opangira etanolo kucokera ku mapesi a cimanga, ina mu 2014 ndi ina mu 2015. Patapita zaka zocepa onse awiri anali ataleka nchito imeneyi. Zifukwa zinali zingapo, ndipo cimodzi ca izo cinali mtengo wa kuphwanya mapesiwo. Ku Brazil, kumene boma linayamba nchito yaikuru ya etanolo wa nzimbe mu 1975, apanga etanolo wambiri kucokera ku madzi a nzimbe, ndipo wocokera ku zotsala za nzimbe zofinya ndi gawo laling'ono cabe.

NANGA KU ZAMBIA?

Mbeu yocita zodabwitsa ku Texas siingacite cimodzi-modzi ku Zambia. Pafupi ndi Lusaka usana utsika pansi pa maora 12 ndi mphindi 20 kuciyambi kwa Marichi. Mapira otere obzalidwa mu Disembala angakhale ndi miyezi itatu yokha yokulira asanamve kuitana kwa usiku wautali, ndipo obzalidwa m'dimba mu Juni angamasule akali aafupi. Wogulitsa mbeu akaonetsa cithunzi ca munda wa kutali, mlimi wanzeru ayamba wafunsa kuti mbeuyo inayesedwa kuti, ndiponso inabzalidwa mwezi uti.

Udzu wa mafuta umene ulimidwa kale m'dera lino ndi nzimbe, pakuti nzimbe nayo ndi udzu. Ku Nakambala, pafupi ndi Mazabuka, zotsala za nzimbe zofinya zitenthedwa kuti zipereke nthunzi ndi magetsi. Ku Triangle mu Zimbabwe anayamba kupanga etanolo mu 1980, ndipo ku Dwangwa m'Malawi mu 1982, kucokera ku madzi akuda otsala pophika shuga. Nzimbe imva kuitana kwa maluwa pamene usana uli kufupika pafupi ndi maora 12 ndi theka. Olima nzimbe sakondwa poona ngala zoyera m'munda, cifukwa nzimbe yomasula ileka kutalika, ndipo ikakhalitsa, nsonga yace iuma m'kati nicepa madzi.

Anthu ambiri a m'migodi ndi m'matauni ali ndi ng'ombe kwao, zogulidwa ndi thukuta la zaka zambiri. Kwa iwo phunziro la nkhaniyi liri pafupi. Udzu wosungira ziweto udulidwe mu Febuluwale kapena kuciyambi kwa Marichi, usanamasule, ngakhale kuyanika kuvuta cifukwa ca mvula. Nsenjere ya ng'ombe za mkaka idulidwe ikafika m'cuuno mwa munthu, isanasanduke mitengo. Udzu wofolerera nyumba wokha ndiwo udikire Juni, pakuti padenga lignin ndiye afunika. Amene atumiza ndalama kumudzi mu Januwale acita bwino kutumizanso mau kwa amalume kapena kwa acimwene osunga khola, kuti zikwakwa zinoledwe tsekera asanaturutse maluwa.